Roketi ya Ariane 5 ndi mayeso amene sanachitike

Mukukumbukira ntchito ya sipuling'i mu labu? Mumakoloweka magalamu 100, 200, mpaka 500, n'kumayeza mmene ikutalikira. Gilafu imatuluka yowongoka, monga lamulo la Hooke limanenera. Ndiye chaka chilichonse salephera kupezeka mmodzi wokolowekapo njerwa, sipuling'i n'kupindikiratu osabwereranso. Gilafu ija sinaname ayi. Imangonena za kulemera kumene munayesa, za njerwa sikudziwa kanthu.

Zoterezi zinawachitikira mainjiniya akuluakulu a ku Ulaya. Pa 4 June 1996, roketi yatsopano ya Ariane 5 inanyamuka koyamba ku Kourou, m'dziko la French Guiana, itanyamula masetilaiti anayi otchedwa Cluster. Patangotha masekondi pafupifupi 40 inakhota, n'kuthyoka, n'kuphulika mamita pafupifupi 3,700 m'mwamba. Mwamwayi munalibe munthu.

Chinalakwika si injini. M'roketimo munali kakompyuta kouza kompyuta yaikulu kumene roketi yaloza komanso mmene ikuyendera. Pulogalamu yake anaitenga ku roketi yakale, Ariane 4, kumene inagwira bwino ntchito kwa zaka. Penapake pulogalamuyo imatenga nambala yokhudza liwiro lam'mbali n'kuisunga m'malo a mabiti 16, momwe nambala yaikulu yokwanamo ndi 32,767. Kwa Ariane 4 malowo amakwana. Koma Ariane 5 imapeza liwiro lam'mbali mofulumira kwambiri, nambala inasefukira, kakompyuta n'kuzima. Kanalipo kena kodikirira pambali kuti kalowe m'malo, koma nako kanali ndi pulogalamu yomweyo, moti kanali katazima kale pa chifukwa chomwecho. Kompyuta yaikulu inalandira uthenga wonena za vutolo n'kuuwerenga ngati malangizo a ulendo, basi inakhotetsa roketi mwamphamvu. Chondipweteka ine n'chakuti gawo la pulogalamu limene linasefukiralo linalibe ntchito roketi ikanyamuka, anangolisiya likuyenda monga zinkakhalira pa Ariane 4.

Ena mwa inu munena kuti, "Aphunzitsi, ndiye makompyutawa ngosadalirika." Ine ndikukana. Chinthu chokhala ndi zigawo masauzande simungachiyese ndi maso ndi manja okha, ndipo simungaulutse maroketi zana kuti muone ingati igwe. N'chifukwa chake mainjiniya amalemba mapulogalamu oyerekezera ulendo: kakompyuta kenikeni kali patebulo, koma kakulandira manambala ngati kali m'mwamba. Mumaulutsa roketi kambirimbiri osawotcha ngakhale dontho la mafuta.

Gulu lofufuza ngoziyi, lotsogozedwa ndi katswiri wa masamu Jacques-Louis Lions, linapeza kuti kakompyuta kaja sikanayesedwe ndi manambala a njira imene Ariane 5 imayenera kudutsa. Ngozi itachitika anayerekezera ulendowo ndi manambala enieniwo, ndipo vuto linatuluka chimodzimodzi. Ndiye kuti njira yogwirira vutoli inalipo kale, koma anthu anaganiza kuti chimene chinapambana pa roketi yakale sichifunika kuchivutitsanso.

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi mawu oti "chayesedwa ndi kompyuta", amene amanenedwa ngati nkhani yathera pomwepo. Chayesedwa ndi manambala ati? Mpaka pati? Anasankha manambalawo ndani, ndipo ankaopa chiyani? Woyesa wabwino amafuna kuthyola chinthucho: amaika nambala yaikulu kwambiri, ziro, nambala ya minasi, amazimitsa gawo limodzi dala kuti aone linzake litani. Kunena zoona, mnzanu wa njerwa uja ali ndi mtima wa ntchito imeneyi, kungoti sipuling'i zathu n'zochepa, choncho azifunsa kaye.

Asayansi amene anataya masetilaiti awo tsiku limenelo anayamba kumanganso ena. Masetilaiti a Cluster atsopano anakafika m'mlengalenga mu 2000, pa maroketi a Soyuz onyamukira ku Baikonur, patadutsa zaka zinayi.