RKO, F-5 kapena Spear: finisher ya madolo ndi iti?

Mukafuna kuyambitsa mkangano wosatha pakati pa okonda wrestling, musavutike n'kufunsa kuti dolo ndani pakati pa Roman Reigns ndi John Cena. Ingofunsani kuti finisher yoopsa kuposa zonse ndi iti, kenako pezani pokhala muzionerera. Kometera tsitsi, m'minibasi, m'magulu a pa WhatsApp, nkhani yake ndi yomweyo. Wina akuti RKO, wina Tombstone, winanso akulumbira kuti palibe ingafike pa F-5. Kwa inu amene simutsatira masewerowa, finisher ndi kamenyedwe kamene womenya aliyense amasungira kumapeto, koti mnzakeyo akakalawa asatukulenso phewa mpaka refa awerenge katatu.

Amene mwayamba kale kunena kuti "aaa, zijatu n'zongopanga", takumvani. Zoonadi, wopambana amakhala atasankhidwa ndewu isanayambe, ndipo eni ake a WWE adasiya kalekale kubisa zimenezi. Koma kugwa kuja kumakhala kugwa ndithu, pansi pa chinsalu cha mu ring'i muja pali matabwa, ndipo khosi la munthu silidziwa kuti ili ndi sewero. N'chifukwa chake mkangano wa finisher ndimautenga mwaulemu. Tiyeni timve kaye zipani zonse, kenako ndinene mbali yanga.

Tiyambe ndi a chipani cha RKO, poti ndiwo amasokosa kwambiri. Dzinali ndi zilembo zoyamba za dzina lonse la mwini wake, Randal Keith Orton. Iye amadumpha, kukolera mutu wa mnzake paphewa, n'kugwa chagada, winayo chafufumimba. Anthu amaikonda chifukwa siipereka moni. M'chaka cha 2010, Evan Bourne adadumpha kuchokera pamwamba pa zingwe n'kutembenuka m'malere, Orton ali gone pansi. Mkuluyo adangodzambatuka n'kumuwakha m'mwamba momwemo. Pa WrestleMania 31 mu 2015, Seth Rollins adati amuponde mutu, koma Orton adadzuka naye n'kumuponya m'mwamba, ndipo potsika adapeza RKO ikumudikira. Mwina mukukumbukanso timavidiyo tomwe tidadzaza intaneti cha m'ma 2014, munthu akagwa panjinga kapena kuterereka, achipongwe n'kumatapo chithunzi cha Orton ngati ndiye wamugwetsa. Otsutsa amati Orton sadaipeke yekha, pakuti Diamond Dallas Page ankagwetsa kale anthu chimodzimodzi ndi Diamond Cutter m'zaka za m'ma 1990. A RKO amangoyankha kuti nyimbo imadziwika ndi amene adaivinitsa anthu.

Chipani chachiwiri n'cha okonda zimphona. Awa safuna zambiri, amafuna aone munthu atanyamulidwa. Brock Lesnar amasenza mnzake pamapewa ngati thumba la chimanga, kumuzunguza n'kumutaya, ndipo F-5 ndi dzina lochokera ku muyeso wa kamvuluvulu woopsa kwambiri ku America. Umboni wawo ndi wa pa 6 April 2014 ku New Orleans. Undertaker anali atapambana maulendo 21 pa WrestleMania osagonjapo, koma atalandira F-5 yachitatu sadadzuke, ndipo bwalo lonse lidangoti zii ngati pamaliro. Umboni wina ndi umene udatiwawa ambiri kuno ku Africa. Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, adatenga lamba wa WWE mu April 2019 pogwetsa Daniel Bryan ndi theche lake la Trouble in Paradise. Mu October chaka chomwecho Lesnar adamulanda lambayo ndi F-5 imodzi, m'masekondi ochepa chabe. Amene adapita kukatunga madzi akumwa adabwerako zonse zitatha.

M'chipani chomwechi muli a Spear, kuja kogunda munthu pamimba ndi phewa uli paliwiro ngati nkhosa yamphongo. Vuto lake n'lakuti eni ake achuluka: Goldberg, Edge, Roman Reigns, Bobby Lashley, Bron Breakker. Ndiye mkangano umasanduka wakuti Spear yeniyeni ndi ya ndani. Achikulire amati ya Goldberg, achinyamata amati taonani liwiro la Breakker. Asungwana nawonso musawaiwale. Rhea Ripley ndi Riptide yake, komanso Bianca Belair ndi KOD, aonetsa kuti kunyamula munthu sikuyendera ndevu.

Achitatu ndi okonda zouluka, ndipo mfumu yawo ndi Rey Mysterio, kamunthu kochepa thupi kovala chophimba kumaso, kotsatira kamenyedwe ka ku Mexico kotchedwa lucha libre. Dzina loti 619 ndi nambala yoyambira mafoni a m'dera la kwawo ku San Diego. Ana amaikonda koopsa, koma onyoza ali ndi funso lovuta kuyankha: zimatheka bwanji kuti aliyense womenyana ndi Rey azikagwera pachingwe chapakati, khosi lili panja, n'kudikira mwaulemu kuti amenyedwe mateche kumaso? Chikomekome cha mkuyu, amatero.

Achinayi ndi ofatsa, okonda akatswiri opinda ndi kupotokola. Amatchula Sharpshooter ya Bret Hart, yopingasa miyendo ya munthu, kumutembenuza n'kumukhalira msana. Amatchula Kurt Angle, amene adapatadi mendulo ya golide pamasewero ogwetsana a Olympics mu 1996 ku Atlanta, n'kumadzapotokola anthu akakolo mu WWE. Mfundo yawo ndi yakuti kuwerengeredwa katatu kutha kukhala tsoka, koma kumenya pansi ndi dzanja lako n'kuvomera wekha kuti zandikulira. Amakumbutsa za WrestleMania 13 mu 1997, pamene Steve Austin, magazi ali chuchuchu kumaso, adakana kugonja mu Sharpshooter mpaka adakomoka. Adaluza ndewuyo koma adatuluka ali wokondedwa wa anthu. Masiku ano amaloza Gunther wa ku Austria, amene sadalira finisher imodzi. Amakuphwanya chifuwa ndi makofi, kukumenyetsa pansi, kukukanyanga pakhosi, chilichonse chimene chingathetse nkhani tsiku limenelo. Ndiye amene adagonjetsa John Cena pandewu yake yotsanzika mu December 2025, mpaka mkulu wodziwika ndi mawu oti osataya mtima uja adamenya pansi.

Zipani zonse zalankhula. Ine ndikuti onsewa akuyeza chinthu cholakwika. Amakangana za kuwawa ndi kukongola, chonsecho mphamvu ya finisher imagona pa chikhulupiriro cha oonera. Taganizirani People's Elbow ya The Rock. Munthu wagona pansi, The Rock akuvula chapachigongono, kuchiponya kwa anthu, kuthamangira zingwe uku ndi uku, kenako n'kugwetsa chigongono chimodzi basi. Kunena zoona, mbama ya mayi anu imawawa kuposa pamenepo. Koma bwalo lonse linkaimirira. Hulk Hogan, amene adamwalira mu July 2025, ankamaliza ndi kungogwetsa mwendo pakhosi pa munthu, ndipo ndi mwendo womwewo adatsirizira André the Giant pa WrestleMania III mu 1987. Anthu ankakhulupirira chifukwa kwa zaka zambiri adaona kuti mwendo uja ukagwa, nyimbo imalira.

Chikhulupiriro chimenechi chimatha ngati sopo. M'zaka za m'ma 1980, Jake "The Snake" Roberts akakumenya DDT, nkhani inkathera pomwepo. Lero DDT imamenyedwa pakati pa ndewu, womenyedwayo n'kudzuka ngati wangopunthwa. Theche la pachibwano la Shawn Michaels, Sweet Chin Music, lidatseka ntchito ya Ric Flair mu WWE pa WrestleMania 24 mu 2008, Michaels atayamba wamupepesa n'kumuuza kuti amamukonda. Anthu akuluakulu adagwetsa misozi. Lero theche lomwelo a Uso ndi a Young Bucks amaligawa ngati maswiti, kangapo pandewu imodzi.

Chimene chaononga kwambiri ndi chizolowezi chotukula phewa pambuyo pa finisher. Pamene Shawn Michaels adadzuka atalandira Tombstone pa WrestleMania 25 mu 2009, nkhope ya Undertaker idaonetsa kudabwa komwe tonse tidali nako, chifukwa zinali zosowa. Okonza masewero ataona kuti anthu akuwa, adayamba kuzichita pandewu yaikulu iliyonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pano finisher yoyamba ikamenyedwa pa WrestleMania, palibe amene amasiya foni yake, tonse timadziwa kuti kudakali ziwiri kutsogolo. Cody Rhodes adachita kumenya Cross Rhodes zitatu zotsatizana kuti athetse ufumu wa Roman Reigns wa masiku 1,316 mu April 2024. Yerekezani ndi Baron Corbin, amene sanali dolo wa patsogolo, koma End of Days yake idasungidwa bwino moti padalibe woidzukira mpaka Drew McIntyre mu 2022. Kenny Omega naye, One-Winged Angel yake ikagwa, anthu amayamba kufunafuna nsapato zawo. Finisher yosungidwa imalemera kuposa yokongola.

Pali chinanso chimene masapota ambiri saona. Finisher ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Stone Cold Stunner ya Steve Austin inkaoneka ngati bomba akailandira The Rock, amene ankagudubuzika mpaka miyendo m'mwamba. Stunner yomweyo ataipereka kwa Vince McMahon pa WrestleMania 38 mu 2022, mkuluyo adangodzandira n'kugwa ngati woledzera, mpaka Austin yemwe adalephera kudziletsa kuseka. Womenya anali yemweyo, kamenyedwe komweko, chidasintha ndi wolandira.

Wolandirayo amapereka thupi lake m'manja mwa mnzake, ndipo apa ndi pamene nkhani imasiya kukhala yoseketsa. Tombstone imaoneka ngati mutu wakhomeredwa pansi, koma luso la Undertaker linali kugwira munthu moti maondo ake ndiwo afike pansi, mutu uli pamwamba pang'ono. Pa SummerSlam ya 1997, Owen Hart adachita yofanana nayo kwa Austin koma iye n'kugwa chokhala, mutu wa Austin uli m'munsi kwambiri. Austin adavulala khosi, kwa kanthawi osatha kusuntha bwino, ndipo vuto la khosilo lidamutsata mpaka adasiya kumenya mu 2003 ali ndi zaka 38 zokha. Kuyambira cha m'ma 2000, WWE idaletsa kamenyedwe kokhomera mutu pansi kwa ambiri, n'kusiyira akatswiri ochepa monga Undertaker ndi Kane. Bret Hart, amene amanyadira kuti pantchito yake yonse sadavulazepo mnzake modetsa nkhawa, ntchito yake idatha theche la Goldberg litamupeza m'mutu mu December 1999. Mu March 2022, Big E adathyoka khosi ataponyedwa kunja kwa ring'i n'kufikira mutu. Ngakhale womenyayo sapulumuka. Hogan adanena yekha kuti kugwera matako zaka zonse zija pogwetsa mwendo kudamuonongera msana, ndipo Orton, amene amagwa chagada pa RKO iliyonse, adachitidwa opaleshoni ya msana n'kukhala kunja pafupifupi chaka ndi theka kuchokera mu 2022.

Awatu ndi anthu ophunzitsidwa zaka zambiri mmene angagwere, okhala ndi madokotala pambali pa ring'i. Tsono taganizirani mng'ono wanu wa Sitandade 4, amene mumamubwereka foni kuti aonere timavidiyo ta RKO, mawa lake akukayesera mnzake pabwalo la sukulu louma gwa, kapena pasimenti ya pakhonde. Iye waona kudumpha kokha. Sadaone kuti wolandirayo amadzigwetsa yekha, amatchinga nkhope ndi manja, amadziwa nthawi yake. Uthenga uja WWE imaulutsa woti osayesera zimenezi kunyumba ambiri timaudumpha ngati malonda, koma kwa ife akuluakulu a m'nyumba ndi ntchito yathu kuufotokoza m'Chichewa chomveka. Kumuletsa kuonera sikuthandiza, akaonera kwa anzake. Khalani naye, imitsani vidiyo, muonetseni pamene pali manja a wolandirayo, muuzeni za khosi la Austin. Mwana amene wadziwa mmene sewero limapangidwira sathamangira kukhomera mnzake mutu pansi.

Ndiye muyeso wanga uli ndi mafunso atatu. Kodi finisher imeneyi ingamenyedwe kwa aliyense, wamng'ono ndi chimphona chomwe? Kodi ikagwa, anthu amakhulupirira kuti zatha? Nanga wolandirayo amapita kwawo akuyenda yekha? Pamuyeso umenewu F-5 ikudalira kuti mwini wake akhale ndi mphamvu za Lesnar, 619 ikugwa pa funso lachiwiri, Tombstone ikufuna manja a Undertaker yekha kuti idutse lachitatu. Zotsala patebulo langa ndi RKO ndi Stunner, ndipo ndikupereka lamba kwa Stunner, chifukwa idagwetsa omenya anzake, mabwana ndi owulutsa mawu omwe, ndipo mmawa mwake onse ankadzuka n'kupita kuntchito.

A chipani cha Spear, ndikudziwa kuti mwakwiya kale. Bwerani nazo mfundo zanu, koma muyambe mwagwirizana kaye kuti Spear yake ndi ya ndani.