Matope a pansi pa nyanja ali ndi uthenga wanu

Inu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba mwaziona nokha. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa cimvula coopsa. Caka cotsatira ng'amba inapsereza cimanga m'madera ambiri, koma nyanja ya Niassa inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ku Mangochi. Kodi nyengo inasinthapo cotere kale? Yankho lili m'matope.

Mu 2005 akatswiri, pakati pao Christopher Scholz ndi Thomas Johnson, anaboola pansi pa nyanjayi. Anatulutsa matope otalika mamita 380, amene anaunjikana kwa zaka zoposa 1 miliyoni. Tizamoyo ta m'madzi tikafa timamira n'kukwiririka, koma zigoba zake zimatsala. Tina timakonda madzi akuya, tina osaya. Poona zigobazo, akatswiri anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa cilala cadzaoneni. Madzi anatsika mamita pafupifupi 600, ndipo magawo 95 pa 100 alionse anaphwa.

Nanga kutentha amakudziwa bwanji? Pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene mafuta a m'thupi mwake amasintha malinga ndi kutentha kwa madzi. Mafutawa saola msanga. Njira yowayezera imachedwa TEX86. Inaonetsa kuti zaka 20,000 zapitazo madzi a Niassa anali ozizirirapo ndi madigiri 3 kapena 4.

Njira yomweyi inagwira nchito pa matope amene anatengedwa mu 2004 ku nyanja ya Arctic, kumpoto kweni-kweni kwa dziko. Lero kumeneko kuli madzi oundana, koma zaka 55 miliyoni zapitazo madzi ake anafunda mpaka madigiri 23. Nthawi imeneyo mpweya wa kaboni unaculuka mumlengalenga, ngati mmene ukuculukira leromu cifukwa ca malasha ndi mafuta amene anthu akutentha.

Tsono taganizani. Ngati nyanja yozama mamita 700 inaphwa cotere, nanga Amaramba ndi Chiuta, nyanja zosaya zija? Chilwa anauma mu 1995 anthu akuona. Musati madzi alipo basi, sadzatha. Dzalani cinangwa ndi mapira pambali pa cimanga. Siyani mitengo m'mbali mwa Lugenda ndi timitsinje take. Nthawi yoswana nsomba, makoka apume. Mvula sitingailamule, koma kukonzeka kuli m'manja mwathu.