Santos: katswiri wa gitala amene adaimbira chimbudzi

Masuku akapsa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, ana a ku Ngauma sadikira kutumidwa. Amalawirira kuthengo ndi timadengu, ndipo dzuwa likamakwera amakhala atayala kale miyulu m'mbali mwa msewu wochoka ku Mandimba kupita ku Lichinga. Chipatso chimenechi, chomera chokha popanda wobzala, ndicho chidapereka dzina ku gulu loimba lotchuka koposa m'chigawo chino cha Niassa, gulu la Massukos. Sabata ino danga lino likukamba za mtsogoleri wa gululi, bambo Feliciano dos Santos, mkulu amene adatenga gitala ndi kuyamba kuimba za chinthu chomwe anthu aulemu wao satchula pamaso pa apongozi.

A Santos ndi mwana wa konkuno ku Niassa. Ali wamng'ono adagwidwa ndi matenda a poliyo amene adawasiya ndi chilema cha mwendo. Kale mwana akapuwala chotere, pamudzi pamabuka nkhani, ena kuloza azakhali, ena kuloza agogo. Koma poliyo alibe mfiti. Kachirombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha munthu wodwala, kenaka kamalowa m'kamwa mwa mwana wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja osasamba. A Santos atakula adaizindikira njira imeneyi, ndipo sadaiiwale.

Si okhawa oimba gitala amene poliyo adawasiyira chipsera. Ku Canada kuli Neil Young, wobadwa m'chaka cha 1945 mumzinda wa Toronto, yemwe adadwala nthendayi mu 1951 ndipo mbali yakumanzere ya thupi lake idafooka. Iyeyu adakula nkukhala mmodzi wa akatswiri a nyimbo za rock, chimbale chake chotchedwa Harvest cha mu 1972 chidagulidwa ngati ndiwo pamsika, ndipo mu 1985 adathandiza kuyambitsa Farm Aid, zoimbaimba zosonkhetsa ndalama zothandizira alimi a ku America amene ngongole zimawalanda minda. Kusiyana kwake nkwakuti kwao kwa Young katemera adafika patangopita zaka zochepa ndipo nthendayo idatha msanga. Kuno kwathu idakhalitsa.

Gulu la Massukos lidabadwa ku Lichinga m'chaka cha 1994. Amene adaona masiku amenewo akudziwa mmene kudalili. Nkhondo ya zaka 16 inali itangotha ndi pangano la mtendere lomwe lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu amene adathawira ku Malawi kudzera pa Chiponde ndi pa Nayuchi anali akubwerera, mphasa ndi miphika pamutu, kudzapeza nyumba zitapsa, zitsime zitakwiririka ndi minda itasanduka tchire. Ng'oma za m'midzi yambiri zinali zitakhala chete zaka zingapo. Anyamatawa adatola maimbidwe a makolo a kuno, kuwaika pa magitala amagetsi, ndi kumaimba m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa. Gogo wa ku Massangulo amene Chipwitikizi chimamudutsa pamwamba amamva liu lililonse.

A Santos adagwirapo ntchito ya utolankhani pa wailesi, choncho amadziwa kale kuti uthenga wolembedwa papepala sufika patali m'dera lomwe anthu ambiri sadapite kusukulu. Mlangizi wa zaumoyo akaitanitsa msonkhano pamabwera a mfumu, nduna zao ndi amayi owerengeka. Koma galimoto ya oimba ikaima pabwalo nkumangirira zokuzira mau, mudzi wonse umakhamukira pomwepo, ngakhale aja amati mwendo ukuwawa.

Chimbale chao choyamba, Kuimba kwa Massuko, chidatuluka mu 2001 ndipo chidamveka m'dziko lonse la Mozambique mpaka ku Maputo, kumene ena amaiwala kuti Niassa aliko. Chachiwiri, Bumping, chidatuluka mu 2007 ndipo gululi lidakaimba ku Britain. Apa ndi pamene oimba ambiri amasinthira. Akangolawa za kunja amasamukira kulikulu, nyimbo zao nkukhala za chikondi ndi galimoto basi. A Santos adabwerera ku Lichinga, ndipo nyimbo yao yodziwika kwambiri kunjako ndi Tissambe Manja, yophunzitsa anthu kusamba m'manja.

Komabe nyimbo payokha sikumba dzenje. Munthu atha kuvina usiku wonse nyimbo ya ukhondo, m'mawa nkulowera kutchire monga mwa masiku onse. A Santos adaziona izi, nchifukwa chake pambali pa gitala adatsogolera bungwe lotchedwa Estamos, dzina lotanthauza kuti "tilipo". Pofika chaka cha 2001 bungweli linali likugwira ntchito ndi la WaterAid ku Lichinga ndi kuno ku Mandimba, kuthandiza mabanja kukhala ndi madzi abwino ndiponso zimbudzi za mtundu wina.

Zimbudzi zimenezi zikufunika kuzifotokoza bwino, pakuti nzeru yake ikadali yothandiza lero. Chimbudzi chozolowereka chimafuna dzenje lakuya. Kukumba kwake nkowawa, ndipo pamalo a mchenga kapena pafupi ndi dambo chimagumuka mvula ya Januwale ikalimbika. Chikadzaza, banja liyambenso kukumba pena. Chimene a Estamos amaphunzitsa, chotchedwa fossa alterna, chimakhala ndi maenje awiri osaya, osapitirira mita imodzi ndi theka, okumbidwa moyandikana. Silabu ndi kanyumba kake zimakhala pa dzenje limodzi. Aliyense akadzithandiza amathiramo dothi losakaniza ndi phulusa lapamoto. Phulusalo limaumitsa zam'dzenjemo, limapha fungo ndipo ntchentche sizisonkhana. Dzenje likadzaza amalikwirira ndi dothi, silabu nkuisunthira pa dzenje lachiwiri. Pakapita pafupifupi chaka, zam'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka dothi lakuda losanunkha, loti nkukathira kudimba kapena kumunda. Dzenjelo likafukulidwa limadikira nthawi yake yogwiranso ntchito. Kufukula msanga ndiye kulakwa kwakukulu, chifukwa mazira a njoka zam'mimba amachedwa kufa.

Nzeruyi idachokera kwa Peter Morgan wa ku Zimbabwe, yemwe adakonzanso mtundu wina wosavuta: dzenje limodzi losaya, likadzaza kulikwirira ndi kubzalapo mtengo wa zipatso. Apa akuluakulu a kumudzi akhoza kuseka, poti nthochi ndi mapapaya a pachimbudzi chakale adaziona kalekale kuti zimabereka mosiyana ndi zinzake. Zimangokhala kuti mlendo akamadya papayalo samuuza kumene lamera.

Chovuta sichinali kukumba ayi, chinali manyazi. Nkhani ya chimbudzi siikambidwa pagulu. M'mabanja ena mkamwini salowa chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake. Ndiye wina abwere kudzanena kuti zam'dzenje zikathiridwe ku chimanga chodya banja lomwelo! Mlangizi wovala taye akanena zotere, anthu amangoyang'ana pansi, iye akachoka nkhani yathera pomwepo. Woimba ali ndi ufulu umene mlangizi alibe. Pagule ndi pamtondo anthu a kuno akhala akudzudzulana m'nyimbo kuyambira makedzana, ndipo palibe amene amatengera mnzake kubwalo chifukwa cha nyimbo. A Santos adalowera pakhomo limeneli. Anthu akaseka ndi kuvina, mau oletsedwa aja amakhala atatchulidwa kale poyera, ndipo a bungwe akabwera m'mawa mwake nkhani imakambika. Zotsalazo amamaliza ndi maso: mlimi akaona ndiwo zamasamba za mnzake zitabiriwira popanda thumba la feteleza, safuna wina womulalikira.

M'chaka cha 2008, ali ndi zaka 43, a Santos adalandira mphotho ya Goldman mumzinda wa San Francisco ku America. Mphothoyi imaperekedwa chaka chilichonse kwa anthu wamba oteteza chilengedwe, mmodzi kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu ndi chimodzi za dziko lapansi, ndipo wa Africa chaka chimenecho adali iwowa. Mu 2010 bungwe la National Geographic lidawaikanso m'gulu la anthu amene limawalemekeza ndi kuwathandiza pa ntchito zao. Kwa chigawo chimene anthu adazolowera kuchitcha choiwalika, sichinali chinthu chaching'ono kuti mwana wake akaimirire kumeneko chifukwa cha phulusa ndi maenje awiri.

Wina anganene kuti zonsezi nzakale. Zaka zapitazi zaonetsa kuti si choncho. Mu Ogasiti 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse lidalengeza kuti Africa yathana ndi poliyo wachilengedwe. Mu Febuluwale 2022 nthendayi idapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe, ndipo chaka chomwecho idapezeka mwa ana ena m'chigawo cha Tete. Padafunika kuyenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera, maiko onse awiri ndi oyandikana nao, mpaka mliriwo udalengezedwa kuti watha mu 2024. Kolera nayo idabuka ku Malawi mu 2022 nkupha anthu oposa 1,700, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho idayamba ku Lago konkuno ku Niassa isanafalikire madera ena. Matenda awiriwa amayenda njira imodzi, ija idadutsa pa mwendo wa a Santos, ndipo pachipata cha Chiponde safunsidwa chitupa.

Poliyo chishango chake ndi katemera, ndipo palibe nyimbo kapena phulusa zingalowe m'malo mwake. Koma pamisika ya Mandimba ndi pasiteshoni ya sitima ku Cuamba, kumene anthu amadya mandasi ndi masuku ndi manja omwe agwira ndalama ndi zina, funso lija adafunsa woimbayu zaka zoposa makumi awiri zapitazo likadali pomwepo. Mvula ikubwera, ndipo maenje akuya a pamchenga ayamba kugumuka mwezi wa Januwale usanathe.