Chikho chokoma ndi chakumudzi

Tsiku lina mwana wanga wamkazi anabwera kunyumba ndi ndodo yathabwa yotambalala kunsonga, ine nkuyesa mthiko wophikira nsima ya paukwati. "Ababa, iyi ndi ya camogie," anatero akuseka. Chichokereni tsikulo, Loweruka lililonse ndimapezeka pabwalo lamatope kuno ku Ireland, manja ali m'thumba chifukwa cha chisanu, kuonerera atsikana ovala zipewa zolimba akulimbirana kampira kachikopa. Kakalowa mu golo ndi mapointi atatu, kakadutsa pamwamba ndi imodzi.

Anthu kuno amatamanda kwambiri mpikisano wa matimu a zigawo, umene unayamba mu 1932. Ine mtima wanga uli pa wa makalabu, ngakhale unachedwa. Bungwe la masewerowa linakhazikitsidwa mu 1904, koma makalabu anadikira mpaka 1964 kuti alimbirane chikho cha dziko lonse. Chaka chimenecho Celtic ya ku Dublin inagonjetsa Deirdre ya ku Belfast.

Chimene chimandikoka nchakuti pakalabu munthu amasewerera kwawo, popanda malipiro. Mnzako wa m'timu ndi mchemwali wako, msuweni wako kapena amene munkakhala naye benchi imodzi kusukulu. St Paul's ya ku Kilkenny inatenga chikhochi kasanu ndi katatu, ndipo mizati yake inali mapasa, Angela ndi Ann Downey. Buffers Alley ya ku Wexford inachisunga zaka zinayi zotsatizana, 1981 mpaka 1984.

Nanga Slaughtneil? Ndi kadera kakumudzi ku Derry, koma atsikana ake anapambana mu 2017, 2018 ndi 2019. Kawiri konse anagwetsa Sarsfields ya ku Galway, imene sinagwe mphwayi mpaka inabweza chipongwe mu 2020.

Ena amati timu ya chigawo ndiyo imaonetsa luso lenileni chifukwa imasankha akatswiri okhaokha. Nzoona. Koma katswiriyo anaphunzira kuti kugwira ndodo? Anamuphunzitsa ndi mayi wina wongodzipereka, amene amachapanso yunifolomu ndi kubweretsa tiyi m'fulasiki. Chikho cha kalabu chikafika kumudzi, mayi ameneyu amachigwira ndi manja ake.

Mwana wanga sanagoletsepo ngakhale pointi imodzi, koma Loweruka likubwerali mukandipeza pabwalo pomwepo. Amene akufuna kudziwa kumene camogie imabadwira asayambire ku bwalo lalikulu la Croke Park. Ayambire pakalabu.