Fodya wa pamphuno ndi dziwe la ng'ona

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwambi uwu suchedwa kutuluka munthu akangonena kuti akufuna kusiya ntchito. Amalume amaunena, mayi amaubwereza, pamene wapabanja amangoti chete, mtima uli pa fizi ya ana. Sindiwaimba mlandu. M'dziko limene omaliza maphunziro a ku yunivesite amatha zaka akuyenda ndi envulopu yakhaki m'khwapa, malipiro a pamwezi si chinthu chotaya mwachibwana. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama kodziwika tsiku lobwera n'kamene kakugonetsa tulo mabanja ambiri.

Komatu makolo omwewo anatinso mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pankhaniyi ine ndili kumbali ya ng'ona. Munthu amene ntchito yamutuluka mumtima, amene Lolemba m'mawa amavala nsapato ngati akupita kumaliro, ndi bwino achoke akafune imene angaigwire ndi mtima wonse.

Chifukwa changa chachikulu si chisangalalo cha mwini wakeyo ayi. Ntchito yogwira monyinyirika imapweteka anthu ena. Mphunzitsi amene analowa uphunzitsi poti kwina kunakanika, ana ndi amene amalipira. Namwino amene mtima wake uli kugolosale yake, ukali wake umagwera mayi wodwala amene wagona pamzere. Ndani sanaonepo jekete litakolekedwa pampando mu ofesi, mwini wake atapita kukathamangitsa geni m'tauni? Amaganiza kuti wachenjera, wagwira ponseponse, malipiro uku, bizinesi uku. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pano wovumbwa si iye. Wovumbwa ndi gogo amene wagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti yodzasainitsa kalata, n'kuuzidwa kuti abwana atuluka, mubwere mawa. Mpando umenewo ukanakhala ndi mnyamata kapena mtsikana amene akuulakalaka, gogoyo akanabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Chimene chimamanga ambiri, tinene zoona, si ndalama zokha. Ndi manyazi. Kwathu kuno tayi ndi ofesi zimapatsa munthu mpando wakutsogolo pamaliro ndi paukwati. Usiye banki ukawete nkhumba kapena ukaphunzitse ana kumudzi, anthu ayamba kunong'onezana kuti anamuchotsa, mwina anaba, mwinanso anamulodza. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Alipo ambiri amene akudikira kupuma pa zaka 60 ali ndi luso m'manja limene silinagwirepo ntchito, chifukwa choopa pakamwa pa anthu amene sawagulira ngakhale paketi ya shuga.

Sindikunena kuti munthu alembe kalata usiku chifukwa abwana amukalipira masana. Kukwiya ndi kuitanidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo wosiya mwa kufuna kwake asayembekezere ndalama zimene amalandira ochotsedwa ntchito kampani ikamachepetsa anthu. Kuyambira 2011 olemba ntchito amaponya 10 peresenti ya malipiro m'thumba la penshoni la wantchito, iye n'kuwonjezera 5. Tsiku losiya, gawo la abwana lija limaima. Izi ziwerengedwe papepala, pamodzi ndi lendi, fizi, ndi mankhwala a makolo kumudzi. Ofuna ntchito yamanja ayambe aphunzira kwa odziwa, kaya m'makoleji a TEVETA kaya kwa mmisiri wapamsika, asanatenge ngongole kubanki mkhonde, ndipo kwa akatapila asayandikireko n'komwe.

Ntchito yokhutiritsa mtima sikutanthauzanso bizinesi nthawi zonse. Si aliyense anabadwa wamalonda. Wina chimene akusowa n'kuchoka pa kompyuta n'kumakagwira ntchito ndi alimi kumunda, wina n'kusamalira odwala, ngakhale malipiro atatsika. Kutsikako kumamveka m'mbale ya banja lonse, n'chifukwa chake mkazi kapena mwamuna wako ayenera kumva nkhaniyi ikadali maganizo, osati kalata itapita kale.

Kwa inu amalume ndi azakhali amene mphwanu wabwera kudzakuuzani zosiya ntchito, musamutseke pakamwa ndi fodya wa pamphuno. Mufunseni kuti wasunga zokwana miyezi ingati, malonda akewo adzagula ndani, nanga ana adzaphunzira bwanji chaka choyamba. Akasowa poyankha, abwerere akakonzeke. Akayankha bwino, mubwerekeni munda uja wangokhala tsala kuseri kwa dambo ayambirepo.