Ana a Lusaka Amange Kasitima ka Kwao

Anyamata ena a ku Kabwata ndi ku Chelstone amaunjikana madzulo pa lamya imodzi kupenyerera anthu a ku Ulaya akumanga tinjanji patebulo: timapiri ta mapepala ndi pulasitala, timilatho, tinyumba, ndi kasitima ka magetsi koyenda pakati pake. Nchitoyi imatenga miyezi, ngakhale zaka, ndipo oicita ambiri ndi akuluakulu a imvi. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, nyumba yochedwa Miniatur Wunderland inatsegulidwa mu 2001, ndipo anthu amalipira kuti akaone tisitima totere.

Makolo amene amati uku ndi kutaya nthawi akulakwa. Womanga kanjanji sapuma kucita masamu. Pa muyeso wofala wochedwa HO, cinthu ciriconse cimacepetsedwa ka 87, ndipo tizitsulo tiwiri ta njanji timatalikirana mamilimita 16.5. Koma njanji ya Zambia ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 cabe, conco wofuna kuifanizira molondola ayenera kudzipezera yekha kuti mpatawo ukhale pafupifupi mamilimita 12. Mwana wowerengera zimenezi ali ndi rula m'manja sangaope funso lotere pa mayeso a Giredi 7.

Codandaulitsa n'cakuti anawa amangopenyerera, ndipo copenyereraco ndi ca eni. Pamenepo mzinda wao uno unabadwa ndi njanji. Mu 1905 omanga njanji yocokera ku Livingstone anaika poima sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo pamalopo panakula mpaka kukhala likulu la dziko mu 1935. M'zaka za m'ma 1990 sitima ya Njanji Commuter inali kunyamula anchito kudutsa mumzinda mpaka ku Chilenje, koma inaleka. Wofuna kuona mitu ya sitima za malasha amapita ku Railway Museum ku Livingstone, ulendo woposa makilomita 450. Ndi ana angati angafikeko?

Luso lokha liripo. Dzanja lopinda galimoto ya mawaya, yokhala ndi ciwongolero ndi mawilo a zotsekera mabotolo, silingalephere ngolo ya sitima. Tisitima togula kunja n'todula, mwina a ku Kabulonga ndi ku Woodlands angatikwanitse, koma mawaya, zitini ndi makatoni zili mbwee paliponse.

Kungakhale bwino akuluakulu a Lusaka National Museum, pa Independence Avenue, atapatula cipinda cimodzi kuti ana a sukulu amangemo Lusaka wakale: siteshoni, njanji, ndi msewu wa Cairo Road pambali pake. Sukulu iriyonse itenge gawo lake. Osema a ku Kabwata Cultural Village angaseme tianthu ndi ting'ombe. Opuma nchito a Zambia Railways aitanidwenso adzawongolere anawo, pakuti iwo ndi amene akumbukira pamene sitima zinali kumwera madzi ndi pamene ngolo zinali kupatukira, ndipo ambiri a iwo akalamba.