Lamya Siinafe, Zenera Ndilo Latsekedwa

Inu alimi amene muli ndi lamya za m'manja zija zonena za mvula, tamverani. Lamya yanu siidziwa kanthu za mitambo. Pulogalamu imene muitsegula m'mawa iri ngati mwana wotumidwa. Ithamanga pa intaneti kukafunsa ku makina akuru a kampani ina kutari, nibwera nalo yankho. Kufunsako kuli ndi mwambo wace, monga pa zenera la ku positi pamene kalaliki afuna fomu yolembedwa mwa njira yace. Mwambo umenewu amisiri aucha API.

Tsono mwini zenera akhoza kusintha fomu, kukweza mtengo, kapena kutseka zeneralo. Mwana akafika ndi fomu yakale abwerera cimanjamanja, ngakhale miyendo yace iri yolimba.

Zotere zinacitika ku America. Kumeneko kunali kampani yochedwa Dark Sky, yodziwika ponena nthawi imene mvula idzagwa, ndipo mapulogalamu ambiri a anthu ena anali kutunga nkhani za nyengo pa zenera lace. M'mwezi wa March 2020 kampani ya Apple inagula Dark Sky, nileka pomwepo kulandira ofunsa atsopano. Ofunsa akale anapatsidwa nthawi, ndipo zenera linatsekedwa pa 31 March 2023. Apple inali itatsegula lina m'caka ca 2022, lochedwa WeatherKit, koma kafunsidwe kace nkosiyana. Amisiri acangu anakonzanso mapulogalamu ao, ena nasamukira ku makampani ena. Mapulogalamu amene eni ace anawasiya osawakonza anangokhala cete m'lamya za anthu.

Zaka zitatu ndi cenjezo laulemu ndithu. Si onse acita cotero. Mu January 2023 kampani ya Twitter inatseka zenera lace mosacenjeza, ndipo pulogalamu ya Twitterrific, imene inagwira nchito kuyambira 2007, inatha m'masiku owerengeka.

Cifukwa cace pulogalamu imodzi ikaleka, musathamangire kwa wokonza lamya ndi ndalama zanu za mtedza. Yambani mwayesa zina. Ngati mauthenga alowa ndipo kuimba kutheka, lamya iri bwino. Pemphani mwana wa sukulu aone ngati eni pulogalamuyo anaturutsa yatsopano, aikemo. Ngati palibe, icotseni, mufune ina.

Coopsa koposa ndi pulogalamu imene siikhala cete, koma ionetsabe yankho lomariza limene inalandira. Munthu aona cithunzi ca mvula, naturutsa mbeu yace yogula, osadziwa kuti nkhaniyo ndi ya mwezi watha. Penyani tsiku lolembedwa pamenepo. Ndipo musanabzale cimanga, linganizani ndi zimene anena pa wailesi ndiponso Mlangizi wa kwanu, mukumbenso pansi ndi khasu muone pamene cinyontho cafika.